Chiwombankhanga cha m'filimu chimalira ndi mawu obwereka

Mukamaonera filimu ya ku America imene ili ndi mapiri, chipululu kapena munthu woyenda yekhayekha pa hatchi, simuchedwa kuona kamera ikuloza kumwamba, chiwombankhanga chitatambasula mapiko. Kenaka mumamva kulira kwakuthwa, kosasa, koyambira pamwamba n'kumatsika, kotha masekondi awiri kapena atatu. Anthu ochuluka zedi padziko lapansi amakudziwa kulira kumeneku, ndipo mutawafunsa angalumbire kuti ndi mawu a chiwombankhanga. Komatu ayi. Mwini wake ndi kabawi wa mchira wofiira, wotchedwa red-tailed hawk, mbalame wamba ya ku North America imene imakonda kutera pa mapolo a magetsi m'mbali mwa misewu.

Chiwombankhanga cha mutu woyera chija, bald eagle, chili pa chidindo cha boma la United States kuyambira 1782. Mapiko ake akatambasuka amafika mamita 2 kapena kuposerapo, ndipo maso ake ndi zikhadabo zake n'zoopsa. Koma chikatsegula mlomo chimatulutsa timawu tating'ono, todukaduka, tosasiyana kwenikweni ndi kulira kwa anapiye. Opanga mafilimu anaona kuti thupi ndi mawu sizikugwirizana ndi ulemerero umene ankaufuna, choncho anachotsa mawu enieniwo n'kuikapo a kabawi, mbalame imene nthawi zambiri siposa kilogalamu imodzi ndi theka. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo kabawi wosaoneka bwinoyu nyimbo yake yamufikitsa kutali: lero amalirira chiwombankhanga, mphamba, muimba, ngakhale mlengalenga mopanda kanthu, pamene wotsogolera filimu akungofuna kutiuza kuti malo ano ndi akutchire ndipo thandizo lili kutali.

Wina anganene kuti nkhaniyi ndi yaing'ono. Ine ndikuiona yaikulu, chifukwa kulira kwa mbalame ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimanena zoona za malo kuposa chithunzi. Padziko pali mitundu ya mbalame pafupifupi 11,000, ndipo mtundu uliwonse uli ndi dera lake, nyengo yake yoimbira ndi ola lake. Munthu wozolowera kumvetsera, mutamumanga maso, akhoza kukuuzani ngati muli m'dambo kapena m'phiri, ngati kukucha kapena kukuda, ngati mvula yayandikira kapena yapita. Filimu ikachotsa zonsezi n'kuikapo mawu ochepa omweomwewo a mbalame zingapo, imatiphunzitsa dziko limene kulibe, ndipo imatero mwakachetechete, kudzera m'khutu, pamene maso atanganidwa ndi zina.

Mbalame zochepa zimene zalanda nkhalango zonse

Pambuyo pa kabawi uja, mbalame imene yagwiritsidwa ntchito mopyola muyezo ndi loon. Iyi ndi mbalame ya m'madzi, yaikulu ngati tsekwe, imene imaswana m'nyanja zozizira za ku Canada, kumpoto kwa United States, Greenland ndi Iceland. Anthu a ku Canada amaikonda moti ili pa ndalama yawo yachitsulo ya dola imodzi kuyambira 1987. Ili ndi kaliridwe kanayi, koma opanga mafilimu amakonda kamodzi: kulira kwautali kokwera pang'onopang'ono n'kutsikanso, kumene mbalameyi imalira poitana inzake ikatalikira usiku. Kwa khutu la munthu kumamveka ngati kubuula kwa wina amene wasiyidwa yekha, ndipo n'chifukwa chake kumaikidwa paliponse pamene pakufunika mantha kapena chisoni. Mudzakumva m'nkhalango za ku Vietnam, m'zipululu, m'manda, m'mapiri opanda ndi dontho lomwe la madzi.

Kuti muone kukula kwa cholakwikacho, ganizirani thupi la mbalameyi. Miyendo yake ili kumbuyo kwenikweni, zimene zimaithandiza kusambira pansi pa madzi koma zimailepheretsa kuyenda pamtunda. Kuti inyamuke imayenera kuthamanga pamwamba pa madzi mtunda wautali ikukupiza mapiko. Loon ikatera pamalo ouma, kawirikawiri siingathe kuulukanso. Ndiye mawu amene filimu ikutimvetsa pakati pa mchenga ndi a mbalame imene ikanafera pomwepo. Ngakhale m'nyengo yozizira, pamene imasamukira kugombe la nyanja zamchere, imakhala pafupifupi chete. Pali filimu imene inailemekeza mbalameyi: On Golden Pond ya 1981, yojambulidwa pa nyanja ya Squam ku New Hampshire, kumene ma loon amakhaladi. Mmenemo kulira kwake kumagwira mtima kwambiri chifukwa kuli kwawo.

Yachitatu ndi kookaburra, imene kuseka kwake kwasanduka chizindikiro cha nkhalango yowirira iliyonse. Ambiri akamva "kuu-kuu-kuu-kaa-kaa-kaa" uja amaganiza kuti ndi anyani. Ndi mbalame, ya m'banja la timbalame togwira nsomba, ndipo kwawo ndi kum'mawa kwa Australia. Sikonda nkhalango yowirira n'komwe. Imakhala m'tchire la mitengo ya bulugama yotalikirana, m'mapaki ndi m'mabwalo a nyumba za anthu. Kusekako ndi mmene banja lonse limalengezera malire a dera lake m'bandakucha ndi madzulo. Mawuwa analowa m'mafilimu a Tarzan a m'zaka za m'ma 1930, kenaka anakhazikika. Mu Raiders of the Lost Ark ya 1981, chigawo choyamba chimati tili m'nkhalango ya ku South America, chinajambulidwa pa chilumba cha Kauai ku Hawaii, ndipo m'mitengo mukulira mbalame ya ku Australia. Malo atatu osiyana asonkhanitsidwa kuti apange nkhalango imodzi imene sinakhalepo.

Pamndandandawu tingawonjezere screaming piha, kambalame kotuwa ka ku Amazon ka likhweru lamphamvu, kamene kamamveka m'mafilimu onena za Africa ndi Asia, komanso pikoko wa ku India. Ndipo vutoli silinathere pa mbalame. Kulira kwa chule kumene ana olankhula Chingerezi amaphunzira kuti ndiye kulira kwa chule aliyense n'kwa kachule ka m'mitengo ka kugombe la kumadzulo kwa North America, kamene kankalira pafupi ndi masitudiyo a ku Hollywood pamene akatswiri oyambirira ankatuluka usiku kukajambula mawu.

Kadzidzi naye sanasiyidwe. Usiku uliwonse wa m'filimu umakhala ndi "huu-huu", ngakhale pamene chithunzi chikuonetsa kadzidzi wa nkhope yoyera yooneka ngati mtima uja, barn owl, amene salira motero: iye amakuwa mosasa, mawu aatali ong'ambika. Chinanso, akadzidzi ambiri amauluka mopanda phokoso. Nthenga za kutsogolo kwa phiko zili ndi timano ngati ta chipeso, za kumbuyo zili ndi mphonje zofewa, ndipo zonsezi zimaphwanya mkokomo wa mpweya kuti mbewa isamve kuti imfa ikubwera. Chodabwitsa chachikulu cha kadzidzi ndi chimenechi, koma filimu imachifafaniza poika phokoso la mapiko "phaphapha". Miimba ya ku America nayo imapatsidwa mfuu ya kabawi ikamazungulira kumwamba, chonsecho ilibe kachiwalo koimbira kotchedwa syrinx, kamene mbalame zina zili nako pamene njira ya mpweya imagawikana kupita ku mapapo awiri. Zimene imatha n'kufwenthera ndi kudzuma basi.

Mmene mawu a filimu amapangidwira

Kuti timvetse gwero la zolakwikazi, tiyenera kudziwa chinthu chimene oonera ambiri sachiganizira: mawu ambiri amene mumamva m'filimu sanajambulidwe nthawi imodzi ndi zithunzi. Pamalo ojambulira, maikolofoni imakhala ndi ntchito imodzi, yogwira zolankhula za ochita sewero momveka bwino. China chilichonse, kaya ndi galimoto, mphepo kapena mbalame, ndi chosokoneza. Kukambirana kwa mphindi ziwiri kumajambulidwa kambirimbiri, kamera ili uku kenaka uko, mwina m'mawa mwina masana, n'kudzalumikizidwa pambuyo pake. Mbalame ikanakhala ikuimba pamene wina akulankhula, nyimbo yake ikanadukira pakati kamera ikatembenukira kwa mnzake, ndipo woonera akanazindikira msoko. Choncho mkonzi amayeretsa zolankhulazo, n'kuyala pansi pake mawu ena osadukiza a chilengedwe, ochokera kwina.

Palinso chifukwa cha malonda. Filimu ikamagulitsidwa kumayiko ena, zolankhula zimachotsedwa kuti alowetsemo za chilankhulo china. Kuti izi zitheke, nyimbo ndi mawu ena onse ayenera kukhala paokha, osasakanikirana ndi mawu a anthu. Tanthauzo lake n'lakuti mapazi, zitseko, mvula ndi mbalame zonse zimamangidwa mwatsopano mu situdiyo. Luso lopanga phokoso la zinthu motsatira chithunzi limatchedwa ndi dzina la Jack Foley, amene ankagwira ntchito ku Universal mafilimu atangoyamba kukhala ndi mawu kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Akatswiri a lusoli amapanga kukupiza kwa mapiko pogwedeza magolovesi achikopa pafupi ndi maikolofoni.

Kulira kwa mbalame kokha sangakupange ndi manja, ndiye amakutenga m'nkhokwe za mawu ojambulidwa kale. Poyamba situdiyo iliyonse inali ndi nkhokwe yake ya matepi, ndipo kenaka makampani monga Sound Ideas ya ku Canada anayamba kugulitsa zimbale zimene akonzi padziko lonse anagula, onse zofanana. Apa ndi pamene pagona nkhani. Mawu a m'nkhokwezi kawirikawiri salembedwa dzina la mbalame, dziko ndi mwezi. Amalembedwa malinga ndi ntchito yake: mbalame ya m'nkhalango, mbalame yoopsa ya usiku, m'mawa wa kumudzi. Mkonzi amene ali ndi mawu mazanamazana oti aike sabata isanathe amasaka mawu oti nkhalango, n'kutenga amene akumveka monga nkhalango imamvekera m'mutu mwake. Nanga m'mutu mwakemo inalowa bwanji? Kudzera m'mafilimu amene anaonera ali mwana. Oonera nawonso anaphunzira momwemo, moti mkonzi wina akayesa kuika mawu enieni, pamapezeka womuuza kuti sizikumveka ngati nkhalango. Bodza likabwerezedwa kwa zaka 90 limayamba kuweruza choonadi.

Sindikufuna kuwapeputsa akonziwa. Amasankha mawu ndi khutu lakuthwa kwambiri, kungoti funso limene amadzifunsa ndi lina. Iwo amafuna kulira kwaufupi kolowa pampata wa pakati pa ziganizo ziwiri, kosalimbana ndi mawu a munthu, kodzutsa maganizo amodzi omveka nthawi yomweyo. Mfuu ya kabawi imakwanitsa zonsezi: ndi yaifupi, ndi yosasa ngati kukuwa kwa munthu, ndipo imatsika n'kuzilala yokha. Pa ntchito imene anapatsidwa, anasankha bwino. Ntchitoyo ndi imene inalembedwa mopereweza.

Lamulo limene limabweretsa mbalame zachilendo

Mbali ina ya nkhaniyi siikhudza mawu koma mbalame zooneka ndi maso, ndipo gwero lake ndi lamulo labwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mbalame za ku North America zinkaphedwa mochuluka chifukwa cha nyama ndi nthenga zokongoletsera zipewa za amayi. Njiwa yotchedwa passenger pigeon, imene kale inkadetsa thambo ndi unyinji wake, inatheratu mu 1914 pamene yomaliza inafa kumalo osungirako nyama ku Cincinnati. Mu 1918 dziko la United States linakhazikitsa lamulo la Migratory Bird Treaty Act, loletsa kupha, kugwira, kusunga kapena kugulitsa mbalame za m'dzikomo popanda chilolezo, ndipo lero limateteza mitundu yoposa 1,000. Zotsatira zake n'zakuti ophunzitsa nyama za m'mafilimu sangawete mbalame zambiri za kwawo komweko kuti azichitira malonda. Amatembenukira ku mbalame zakunja zimene lamuloli silizikhudza. N'chifukwa chake mumaona akhwangwala a ku Africa a chifuwa choyera ali pa mpanda wa munda wa ku America, kapena miimba ya ku Africa itazungulira munthu m'chipululu cha ku Arizona.

Chitsanzo chimene okonda mbalame amachitchula kawirikawiri ndi filimu ya Charlie's Angels ya 2000. Mmodzi wa atsikana atatu ofufuza milandu a m'filimuyi amazindikira kumene bwana wawo wina wabisidwa pomva kulira kwa mbalame, n'kunena kuti ndi pygmy nuthatch, imene akuti imapezeka ku Carmel kokha, ku California. Pygmy nuthatch yeniyeni ndi kambalame kotuwa, kakang'ono kwambiri, ndipo kamapezeka m'nkhalango za paini kuyambira ku British Columbia mpaka ku Mexico. Mbalame imene ikuoneka pachithunzi ndi troupial ya ku Venezuela, yaikulu, yakuda ndi yachikasu chofiirira. Mawu amene akumveka si a nuthatch. Pamene nkhani yonse yatsamira pa luso lozindikira mbalame, dzina, thupi, mawu ndi dera zonse zasemphana.

Koma lamulo silingakhale chowiringula paliponse. Zojambula pamanja ndi pa kompyuta sizifuna chilolezo cha boma, komabe zimalakwa chimodzimodzi. Mu Finding Nemo ya 2003, vuwo wa padoko la Sydney ndi wa mtundu wodera wa ku America, pamene vuwo wa ku Australia ndi woyera ndi mapiko akuda. Mu Mary Poppins ya 1964, nkhani ya ku London, kambalame kotera pa dzanja la mayi Mary Poppins kanali kachidole koyendera makina, ndipo anakapanga motengera mbalame yotchedwa robin ya ku America m'malo mwa robin ya ku Ulaya. Mbalame ziwirizi zimangofanana dzina ndi chifuwa chofiira: ya ku Ulaya ndi ya masentimita pafupifupi 14, ya ku America pafupifupi 25, ndipo si za banja limodzi. Filimuyo inajambulidwa ku California, ndipo amisiri anapanga mbalame imene ankaiona pakhomo pawo.

Nyengo ndi mbiri

Zolakwika zobisika kwambiri ndi za nthawi. Mbalame zambiri za kumayiko ozizira zimaimba m'nyengo yoswana yokha, pamene yaimuna ikuteteza dera ndi kukopa yaikazi. Mbalame yotchedwa cuckoo imafika ku Britain mu Epulo, imalira miyezi iwiri kapena itatu, kenaka imabwerera ku Africa, ndipo zambiri zimakathera nyengo yozizira ya ku Ulaya m'nkhalango za chigwa cha Congo. Kuimva m'chithunzi cha masamba akuyoyoka, kapena cha Khirisimasi, n'chimodzimodzi kuona dzuwa pakati pa usiku. Chimodzimodzinso nyimbo za mbalame zambiri zoimbira pamodzi, zimene mwachilengedwe zimachitika m'bandakucha, koma m'filimu zimayalidwa pansi pa chakudya cha masana.

Mafilimu a mbiri yakale amawononga ndalama zambiri kuti mabatani a malaya, nyali ndi ngolo zikhale za chaka choyenera, kenaka amagwa pa njiwa. Njiwa yotchedwa collared dove inayamba kuswana ku Britain m'zaka za m'ma 1950 zokha, itafalikira kuchokera kum'mwera chakum'mawa kwa Ulaya. Lero ili paliponse kumeneko, ndipo kulira kwake kumalowa m'masewero onena za zaka za m'ma 1800, nthawi zina chifukwa chakuti inali padenga tsiku lojambulira. Ku America nako, mbalame yotchedwa starling inamasulidwa ku Central Park mumzinda wa New York mu 1890, ndipo mpheta ya m'nyumba ya ku Ulaya inabweretsedwa cha m'ma 1850. Filimu yonena za nkhondo yomenyera ufulu ya m'ma 1770 siyenera kukhala ndi iliyonse mwa ziwirizi.

Pamene wailesi yakanema ikuti izi n'zenizeni

Sewero tingalikhululukire. Nanga pulogalamu imene ikuti ikutionetsa zochitika pompopompo? M'chaka cha 2000, okonda mbalame amene ankaonera mipikisano ya gofu pa wailesi yakanema ya CBS anadabwa. Pampikisano wa PGA Championship ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky, mwezi wa Ogasiti, kunkamveka nyimbo ya white-throated sparrow, mpheta imene nthawi imeneyo imakhala kumpoto kwambiri. Pampikisano wina ku Michigan kunamveka canyon wren, kambalame ka m'zigwembe za miyala za kumadzulo kwa dzikolo. Atafunsidwa, a CBS anavomera kuti ankawonjezera mawu a mbalame ojambulidwa kale kuti bwalo lizimveka laphee ndi lokoma. Anthu amene anaulula zimenezi analibe chida chilichonse kupatula makutu ophunzitsidwa.

Mafilimu ofotokoza za chilengedwe ali ndi vuto lawolawo, ndipo pamenepa ndimawamvera chisoni. Kamera ya diso lalitali imatha kuonetsa mbalame ili pa mtunda wa mamita 200 ngati ili m'manja mwanu. Maikolofoni singachite zimenezo. Mawu amafooka akamayenda, amasakanikirana ndi mphepo ndi tizilombo, ndipo amayenda mamita pafupifupi 343 okha pa sekondi, moti amafika mochedwa poyerekeza ndi chithunzi. Ngakhale chida chooneka ngati mbale yaikulu chimene chimasonkhanitsira mawu pa maikolofoni chili ndi malire ake. Chithunzi chikachedwetsedwa kuti tione phiko lililonse, palibe mawu enieni amene angagwirizane nacho. Choncho zambiri zimene timamva m'mapulogalamuwa zimaikidwa pambuyo pake. Kusiyana kwake n'kwakuti opanga osamala amatumiza katswiri wojambula mawu kumalo omwewo, nyengo yomweyo, kuti akatenge kulira kwa mtundu womwewo. Chris Watson, amene anajambula mawu a The Life of Birds ya David Attenborough mu 1998, ndi mmodzi wa anthu amene aonetsa kuti zimatheka. Osasamala amangotsegula nkhokwe ija.

Malire ali pati?

Sindikunena kuti filimu isamasewere ndi mawu a mbalame. Mu The Birds ya Alfred Hitchcock ya 1963, kulira koopsa kwa mbalame zoukira anthu kunapangidwa ndi Oskar Sala pa chida chamagetsi chotchedwa Mixtur-Trautonium. Cholinga chinali chakuti mbalamezo zimveke zosakhala zachilengedwe, ndipo zinatheka. Mu Jurassic Park ya 1993, Gary Rydstrom anasakaniza mawu a nyama zamoyo, kuphatikizapo kufwenthera kwa tsekwe, popanga mawu a zilombo zimene palibe munthu anazimvapo. Mu filimu yachitatu ya Harry Potter ya 2004, chilombo cha mutu wa chiwombankhanga ndi thupi la hatchi chinapatsidwa mawu a limpkin, mbalame ya m'madambo a ku Florida ndi kum'mwera kwake. Zonsezi ndi luso, ndipo palibe amene akunamizidwa, pakuti chinthu chopeka chiyenera kupekeredwanso mawu.

Zimasintha pamene filimu yatchula malo enieni, chaka chenicheni ndi mbalame yeniyeni. Pamenepo yapanga pangano ndi woonera. Palibe wotsogolera filimu amene angaike nsanja ya Eiffel mumzinda wa Cairo n'kunena kuti anthu sazindikira. Koma nkhalango za ku Congo, Borneo ndi Amazon, zimene zili ndi mbalame zosiyana kotheratu, zimapatsidwa mawu amodzi. Ndimaona kuti pamenepa pali kupeputsa: mizinda ya olemera imayenera kulondoloza, pamene madera otentha onse ndi tchire limodzi losasiyanitsika. Anthu okhala m'nkhalango zimenezo amadziwa mbalame zawo ndi mayina, amadziwa imene imalira mvula ikayandikira ndi imene imachenjeza za njoka. Filimu yonena za kwawo imawamvetsa mbalame ya ku Australia. Chomvetsa chisoni n'chakuti mawu enieniwo sachepa mphamvu. Nkhwazi ya ku Africa, ikaponya mutu chagada n'kulira pamwamba pa madzi, siifuna kubwerekera mawu kwa aliyense.

Pali choopsa chinanso. Kafukufuku amene anasindikizidwa m'magazini ya Science mu 2019 anapeza kuti chiwerengero cha mbalame ku United States ndi Canada chatsika ndi pafupifupi 3 biliyoni kuyambira 1970, kutanthauza kuti pa mbalame zinayi zilizonse, yoposa imodzi yapita. Minda ndi madambo ambiri akukhala chete chaka ndi chaka. Anthu ochuluka masiku ano amakumana ndi chilengedwe pa kanema kuposa panja, ndipo pa kanemapo mtengo uliwonse umakhala ukuimba. Munthu amene sanaphunzirepo mawu enieni a dera lake sangadziwe tsiku limene mawu amodzi asowa. Kuzindikira kutayika kwa chinthu kumafuna kuti poyamba uchidziwe.

Kale akonzi akanatha kunena kuti mawu oyenera sapezeka, ndipo zinali zoona. Mawu oyamba a mbalame odziwika anajambulidwa ndi Ludwig Koch mu 1889 ku Frankfurt, ali mwana wa zaka 8, ndipo inali mbalame yoweta ya m'khola. Mu 1929 Arthur Allen ndi Peter Paul Kellogg a ku yunivesite ya Cornell anajambula mbalame zakutchire ku Ithaca mothandizana ndi kampani ya mafilimu imene inali ndi makina ake, moti sayansi yojambula mawu a mbalame ndi mafilimu olankhula zinakulira limodzi. Ntchito yawo ndi imene inabala Macaulay Library, nkhokwe yaikulu ya mawu a nyama imene masitudiyo akhala akupemphako mawu. Kuyambira 2005 palinso xeno-canto pa intaneti, kumene anthu wamba a m'mayiko ambiri amaikako zimene ajambula, chilichonse chili ndi dzina la mbalame, malo, tsiku ndi ola. Ndipo kuyambira 2021 pulogalamu ya pafoni ya Merlin imatha kumvetsera n'kutchula mbalame imene ikulira, moti woonera aliyense angathe kuloza foni ku kanema wake n'kugwira cholakwika chimene kale chinkafuna katswiri.

Chotsalira kwa wopanga filimu si chovuta. Asake malinga ndi dziko, mtundu wa malo ndi mwezi, m'malo mosaka malinga ndi maganizo amene akufuna kudzutsa, kenaka pakati pa mbalame zoyenerazo asankhe imene ikumupatsa mantha kapena mtendere umene akuufuna, pakuti dera lililonse lili ndi mbalame yake ya usiku yolira momvetsa chisoni. Apemphe munthu wodziwa mbalame za kumaloko kuti amvetsere ntchitoyo isanatuluke, monga amachitira ndi odziwa zovala ndi zida zankhondo. Zambiri za pa xeno-canto zinaikidwa ndi chilolezo choletsa kuchitira malonda, choncho situdiyo iyenera kulemba kalata kwa amene anajambulayo n'kumulipira, ndipo nthawi zina ameneyo amakhala munthu wa m'dera lomwelo limene filimuyo ikufotokoza.